Sikelo imayeza makilo, siyeza njala

Loweruka lija ndinakwera minibasi ku Limbe kupita ku Blantyre. Pa Chichiri magalimoto anali ndiii, ndiye ndinatulutsa foni n'kuyamba kutha bandulo pa masewera ogwetsana otchedwa Greco-Roman. Unali mpikisano wa mayiko a mu Africa wa 2024, umene unachitikira ku Alexandria, ku Egypt, gulu la amuna olemera makilo 67.

Kwa inu amene simunawaonepo, malamulo ake ndi okhwima. Sugwira mnzako kumunsi kwa chiuno, ndipo sumukola ndi mwendo monga tinkachitira kudambo tili ana. Zonse ndi manja, chifuwa ndi msana. Amalimbana zigawo ziwiri za mphindi zitatuzitatu, ndipo ukamusiya mnzako ndi mapointi 8, kapena ukamugoneka mapewa onse pansi, nkhani yatha. Magulu alipo khumi, kuyambira makilo 55 mpaka 130. M'mawa wa tsiku la mpikisano aliyense amakwera pa sikelo. Ukapitirira, ngakhale pang'ono, wagwa nayo usanagwire munthu.

Ndinasirira. Ndinati apa pokha dziko lapeza chilungamo: wamng'ono alimbane ndi wamng'ono mnzake. Koma tisanafike pa Ginnery Corner ndinali nditayamba kale kudzikayikira. Mamendulo ambiri a Greco-Roman mu Africa amapita ku Egypt, Algeria, Tunisia ndi Morocco. Karam Gaber wa ku Egypt anatenga golide pa Olimpiki ya 2004 ku Athens, ndipo Mohamed Ibrahim El-Sayed anatenga buronzi pa makilo 67 omwewa ku Tokyo. Kumeneko mwana amakula akuona aphunzitsi, malo ophunzirira ndi akatswiri oti awatsanzire. Mutatenga mnyamata wonyamula matumba mu msika wa Limbe, wamphamvu zake, makilo 67 ndendende, sikelo inganene kuti ndi ofanana. Kodi n'zoona?

Funsoli linandikumbutsa mlandu wanga. Mng'ono wanga analemba MSCE pa sekondale ina yoyendera, yopanda labu, buku limodzi ana asanu. M'mawa ankayamba wagulitsa mandasi a amayi. Anapeza mapointi 28, ku yunivesite sanamutenge. Ine ndinamuuza kuti, "Iwe ndiwe waulesi, mayeso anali amodzimodzi dziko lonse." Iye anangoti, "Chabwino achimwene," n'kutuluka. Chimene sindinatchule n'chakuti ine ndinaphunzira sukulu yogonera komweko, amalume akulipira, magetsi akuyaka mpaka usiku, nsima katatu pa tsiku. Mayeso analidi amodzi, koma ulendo wokafika m'chipinda cha mayesocho sunali umodzi.

Ndiye tiitaye sikeloyo? Ayi, ndipo apa ndi pamene mutu umandizungulira. Ku Paris mu 2024, Vinesh Phogat wa ku India anachotsedwa pa tsiku la fainolo ya amayi ya makilo 50 chifukwa anapitirira ndi magalamu 100 okha. Zinamvetsa chisoni. Komabe taganizani: atayamba kumanena kuti uyu timumvere chisoni, uyu ayi, woyamba kupindula angakhale ndani? Kuno kwathu tikudziwa. Si mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe. Ndi uja amene bambo ake ali ndi nambala ya bwana. Mlimi amene anagulitsapo chimanga kwa vendala wa sikelo yobera amadziwa kuti sikelo ikayamba kumvera anthu, wolira amakhala wosauka.

Choncho sikelo ikhale yokhwima, isaone nkhope. Cholakwa n'chathu, ife amene timaifunsa zinthu zimene siingayankhe. Imatiuza amene wapambana lero. Siitiuza amene analimbikira kwambiri, kapena amene anafika pabwalo atatopa kale. Wopambana akayamba kuyesa kuti nambala ija ndi umboni woti iye ndi munthu woposa mnzake, pamenepo chilungamo chasanduka mwano.

Nditatsika pa Wenela sindinapite kumene ndinkapita. Ndinamuimbira mng'ono wanga.

"Uli kuti?"

"Ku msika, achimwene. Kwagwanji?"

"Palibe. Ukufunabe kubwereza Fomu 4? Fizi ndi ndalama ya mabuku ndiyesetsa ine."

Anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinayang'ana foni kuti mwina mayunitsi atha. Kenako anati aganiza kaye. Mawu oti pepani sindinawanenebe. Ndikupita kunyumba Lamlungu.