Kodi Cilungamo Ciri ndi Malire?

Malamulo a anthu asiyana monga zisiyana zinenero zao. Ku England, ndi m'maiko amene analandira malamulo a Angelezi monga Zambia, woweruza akhala cete namvetsera maloya a mbali ziwiri alikutsutsana, ndipo pogamula atsata zimene oweruza akale anagamula pa milandu yofanana. Ku France mlandu waukuru uyamba wafufuzidwa ndi woweruza mwini, ndipo maziko a ciweruzo ndiwo malamulo olembedwa m'mabuku, monga lija la Napoleon la 1804. Pa bwalo la mfumu palibe buku. Pali mwambo ndi akuluakulu ousunga. Tsono munthu wophunzira malamulo a kwao, akaitanidwa kukaweruza anthu a mtundu wina, adzayesa ndi muyeso uti?

Mai Florence Mumba anakomana nalo funso limeneli. Anabadwira ku Mufulira mu 1948, naphunzira malamulo pa University of Zambia, ndipo mu 1980 anakhala mkazi woyamba kuweruza m'High Court ya dziko lace. Mu 1997 anasankhidwa kukakhala pa bwalo la ku The Hague, limene United Nations inakhazika mu 1993 kuti liweruze zoipa za pa nkhondo ya ku Yugoslavia. Pambuyo pace anaweruzanso ku Cambodia, kumene kazengedwe ka milandu kanacokera kwa Afalansa.

Munthu wotere ali pakati pa misampha iwiri. Woyamba ndiwo kunyada, kuyesa kuti njira ya kwao yokha ndiyo yolungama ndipo zina zonse nzaumbuli. Waciwiri ndiwo kukhala ngati birimankhwe, wosintha maanga pa tsamba liri lonse, nanena kuti ciri conse colembedwa ndi eni dziko ncabwino. Koma tsankho la ku South Africa, loyamba mu 1948, linali lolembedwa m'malamulo, ndipo kulembedwako sikunalisandutse cilungamo.

Njira yopyola pakati ioneka m'mlandu wa Dragoljub Kunarac, msilikali amene pamodzi ndi anzace anatsekera ndi kugwirira akazi Acisilamu ku Foča mu 1992. Malamulo a bwalo anachula cimo la kugwirira, koma osalimasulira. Oweruza anali atatu: Mai Mumba pa mpando, David Hunt wa ku Australia, ndi Fausto Pocar wa ku Italy. Panalibe mmodzi anaumiriza lamulo la kwao. Anasanthula malamulo a maiko ambiri, napeza kuti ngakhale mau asiyana, mtima wa nkhani ndi umodzi: coipa ndico kucita ndi thupi la munthu cimene mwiniyo sanabvomere. Mu 2001 Kunarac anapatsidwa zaka 28 m'ndende. Mlandu suola ndithu.

Wina angatsutse kuti kubvomerezana kwa maiko sikutsimikiza coona, popeza ukapolo kale unali wololedwa m'maiko ambiri. Mau amenewa ngoona. Kufanizira malamulo ndiyo nyali yothandiza woweruza kuona pamene mwambo wa kwao unamcititsa khungu, koma sikungalowe m'malo mwa cikumbumtima. Potsiriza pace woweruza ayenera kudzifunsa ngati ciweruzo cace cisunga ulemu wa munthu wopanda mphamvu, ndiponso ngati woimbidwa mlandu anamvedwa mokwanira, ngakhale dziko lonse limuda.

Cifukwa cace mnyamata kapena mtsikana wofuna nchito yotere ayambe wadziwitsa malamulo a kwao, pakuti wosadziwa muyeso wace sangaufanize ndi wa mnzace. Aphunzire zinenero, makamaka Cingelezi ndi Cifalansa zimene zigwiritsidwa nchito m'mabwalo a ku The Hague. Akafika kwa eni adzicepetse, alole kuphunzitsidwa kazengedwe kacilendo ngati mwana wa sukulu. Kabvalidwe, kalumbiridwe ndi kafunsidwe ka mboni angazisinthe pa malire ali onse. Koma kukana ziphuphu ndi kumva mbali zonse ziwiri asazisiye pa doko. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.