Wotuluka wamoyo nayenso amafuna chithandizo

Ana anga a ku Kitwe ndi ku Ndola, tcherani khutu, mutu wanga wa imviwu uli ndi mawu.

Pa 25 Sepitembala 1970, matope anagumukira mumgodi wa ku Mufulira, amuna 89 n'kufera pansi pomwepo. Mu Epulo 2005, fakitale yopanga zophulitsira miyala ku Chambishi inaphulika n'kupha antchito oposa 40. Mu Juni 2018, Black Mountain, chiphiri cha zotsalira za m'ng'anjo chija cha ku Kitwe, chinagumukira anyamata amene ankasakapo ndalama, ndipo osachepera 10 anatsikira kulichete. Kumapeto kwa 2023 zinachitikanso kumgodi wa Senseli, ku Chingola. Akufa timawawerenga, timawalira, timawaika. Koma ndani amawerenga amene anatuluka amoyo, amene anafukula anzawo ndi manja, kapena mwana amene anaima pachipata n'kuona mitembo ikudutsa? Amenewo timangowauza kuti, "Uthokoze Mulungu, wapulumuka." Basi nkhani yathera pomwepo.

M'masiku athu lamulo linali lakuti mwamuna salira. Ndinkakhala moyandikana ndi bambo wina amene anapanikizika pansi kwa maola ambiri ndi mnzake atafa pambali pake. Mafupa anapola, ntchito anabwerera. Koma kuyambira pamenepo sankagona nyali itazima, ndipo chitseko cha kuchipinda ankachisiya pululu ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni. Kutchalitchi ankakhala benchi ya pakhomo penipeni. Tsiku lina mkazi wake anagwetsa chivundikiro cha poto pasimenti, bamboyo n'kudzigwetsa pansi ataphimba mutu, ana akuona. Atadzuka, manyazi anasanduka ukali, mayiyo n'kulandira mbama. Ife tinkati mowa wamuwononga. Ena ankati anamulodza. Chonsecho mowawo ankamwa kuti apeze tulo, ndipo chimene chinkamudya chinali china.

Madokotala amachitcha PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa. Chimachitika n'chakuti pangozi thupi limadzikonzekeretsa kuthawa kapena kulimbana: mtima umathamanga, minofu imakungika, maso ndi makutu zimakhala tcheru. Zimenezi n'zabwino, zimapulumutsa moyo. Koma kwa ena ngozi ikatha thupi silimva kuti yatha. Galu amene anagendedwapo amathawa munthu akangowerama kuti amange nsapato. Ndi mmenenso fungo la fumbi, kulira kwa ambulansi, kapena mawu a munthu wina zimabwezera wopulumukayo pamalo pomwe paja, ngati zikuchitika tsopano. Amalota zoopsa. Amalambalala msewu umene zinachitikira. Amadzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, amapsa mtima msanga, amadziimba mlandu kuti, "Bwanji sindinafe ineyo?" Ena amangouma mumtima, osamva chisoni, osamva chimwemwe. Si misala, si ufiti, komanso si mantha a munthu wofooka.

Musaganize kuti ndi za kumgodi kokha. Ngozi ya minibasi pamsewu wa Ndola ndi Kitwe, kugwiriridwa, kuukiridwa ndi achifwamba usiku, kukula ukuona bambo akumenya mayi, zonsezi zimasiya zomwezi. Mu 2020, pa nthawi ya mphekesera za opopera mpweya woipa m'nyumba zimene zinayambira ku Chingola, anthu anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena kuwotchedwa kumene, ana ali pomwepo. Anawo lero ndi anyamata ndi atsikana akuluakulu, mwina ndinu amene mukuwerenganu, ndipo ndikukayika ngati alipo anakufunsani zimene munaona.

Kwa wachinyamata vutoli limabisala. Mtsikana amene ankakhoza bwino m'kalasi amayamba kujomba, mutu ndi m'mimba sizitha kuwawa, kuchipatala akayeza malungo osawapeza. Mnyamata amayamba ndewu, chamba, kachasu, kugona kunja. Ife makolo timathamangira chikwapu, aphunzitsi amati ndi mwano. Inu amene mumacheza naye ndi amene mumaona msanga kuti mnzanu wasintha, ndipo nthawi zambiri mumadziwa ndi tsiku limene anasinthira.

Tsono musachite mantha mopitirira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse amakumana ndi choopsa china pamoyo wawo, koma ochepa okha ndi amene amadwala PTSD. Kusowa tulo ndi kudzidzimuka m'masabata oyamba n'kwachibadwa, ndipo ambiri amachira ndi chisamaliro cha abale. Mwambo wathu wogona pamaliro ndi kukhala ndi ofedwa uli ndi nzeru yake. Pofunika kudzuka ndi pamene mwezi watha zinthu osasintha, kapena zikukulirakulira, mpaka sukulu, ntchito kapena banja zayamba kusokonekera.

Chithandizo chilipo, ndipo chinayesedwa konkuno ku Zambia. Ku Lusaka, akatswiri otsogozedwa ndi Laura Murray wa ku yunivesite ya Johns Hopkins anaphunzitsa alangizi wamba, osati madokotala, njira yotchedwa TF-CBT, n'kuiyesa pa ana 257 a zaka 5 mpaka 18 amene anaona zoopsa. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2015: mwa amene analandira chithandizochi zizindikiro zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti, pamene mwa amene sanachilandire zinatsika ndi pafupifupi 21 peresenti. Njirayo ilibe zamatsenga. Mlangizi amayamba wakufotokozera chimene chikuchitika m'thupi mwako, n'kukuphunzitsa kupuma mofatsa ndi kumasula minofu mantha akabwera. Kenako, pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, mumalowa m'nkhani ija. Umaifotokoza kapena kuilemba, kuibwereza, mpaka imasiya kukugwira pakhosi n'kukhala chinthu chimene chinachitika kale. Mlangizi amakuthandizanso kuyesa maganizo ngati aja akuti "ndinazifuna ndekha" kuti uone ngati ndi oona. Kwa mwana, kholo kapena womulera amaphunzitsidwanso. Zimapweteka poyamba, sindikubisirani, ndipo ena amafuna kusiyira panjira. Limbikirani mpaka kumapeto. Kwa akuluakulu pali njira zofanana ndi imeneyi, palinso ina yotchedwa EMDR, ndipo dokotala akhoza kuwonjezera mankhwala ngati kuvutika maganizo kwakula.

Apa ndichenjeze. Mapilitsi ogonetsa monga diazepam, amene ena amagula mwamseri, sachiza vutoli, ndipo thupi limawazolowera. Mowa nawo umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku maloto atakula. Za pemphero, ine ndine munthu wopemphera ndipo sindingakuletseni. Koma mtsikana wogwiriridwa akamuimika kutsogolo kwa mpingo n'kumamufuulira kuti chiwanda chituluke, amabwerera kunyumba ndi bala lachiwiri. M'busa wanzeru amapemphera naye, kenako n'kumuperekeza kuchipatala.

Mnzanu akakuululirani, musamufunse ngati wapolisi, ndipo musamukakamize kunena zonse tsiku limodzi. Mawu akuti "limba mtima" ndi "iwala, zinapita" asungeni. Khalani naye, mudye naye, mufunseni chimene akufuna. Nkhani yake isafike pa WhatsApp, ndipo zithunzi za ngozi zimene mumatumizirana zija, dziwani kuti zimafikanso pafoni ya mwana wa malemuyo. Akanena zofuna kudzipha, musaseke, musamusiye yekha, uzani munthu wamkulu tsiku lomwelo. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wolankhula.

Poyambira ndi pakiliniki ya m'dera lanu, kaya ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Chifubu kapena ku Lubuto. Nenani zonse, osati mutu wokha, ndipo pemphani mlangizi. Akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital, ana ku chipatala cha Arthur Davison. Alangizi ophunzitsidwa njirazi ndi ochepa, mwina mudzabwezedwa kapena kudikira, koma musagwe ulesi, bwererani. Lamulo la za umoyo wa maganizo la 2019 limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala. Wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo kupolisi kuli a Victim Support Unit. Pofuna uphungu pafoni, nambala ya 116 ndi ya ana, ya 933 ndi ya akuluakulu, zonse n'zaulere.

Ngati powerenga apa nkhope ya munthu wina yabwera m'maganizo mwanu, mchimwene, mnzanu wa kusukulu, kapena bambo anu amene, pitani mukamuone sabata ino. Akavomera zopita kukiliniki, mumuperekeze.