Kodi n'kulakwa kupempha khoti kuti lisadule malipiro onse?

Amai anzanga, muno m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi George nkhongole si zachilendo. Kaloba akakula, wokongoza amapita kukhoti, ndipo khoti litha kulamula kuti ndalama zizidulidwa pa malipiro zisanafike m'manja mwanu. Ambiri timangokhala chete ndi manyazi, poganiza kuti Mkhristu sayenera kudandaula pa nkhongole yake. Kodi n'zoona?

Nkhongole iyenera kubwezedwa ndithu, pakuti amene anakukongozani nayenso ali ndi ana. Koma pa Deuteronomo 24:6 Mulungu analetsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole, chifukwa banja limadyera pomwepo. Lero mphero yanu ndi malipiro anu. Choncho kupempha woweruza kuti akusiyireni za unga, lendi ndi malasha, inu n'kumabweza pang'onopang'ono, si kuba ayi.

Samani ikabwera musabisale. Pitani kukhoti pa tsiku lake, mutanyamula payslip ndi malisiti a lendi. Ngati mulibe ndalama za loya, kuli Legal Aid Board, komanso National Legal Aid Clinic for Women imene inayamba mu 1990.

Koma pempho limeneli lifunika choonadi. Mukabisa ndalama za pa kantemba kapena za chilimba kuti muoneke osauka, mwanamiza khoti, ndipo Mulungu waona. Komanso ngati amuna anu akuwadula malipiro kuti asamalire mwana amene anabereka kunja, musawalimbikitse kuzemba ngakhale mtima ukuwawa. Mwanayo nayenso amadyera pa mphero yomweyo.