Kamwana ndi Chaka cha 1914

Mu 1908 ku Nkhata Bay kunatulukira mlaliki amene anasowetsa tulo amishonale a Livingstonia. Elliot Kamwana anali Mtonga wophunzira m'sukulu zawo zomwe, koma ali ku Cape Town anakumana ndi Joseph Booth, amene anamupatsa ziphunzitso za Watch Tower za Charles Taze Russell wa ku America. Pobwerera kwawo anabwera ndi chaka m'manja: mu 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha, Khristu adzayamba kulamulira. M'miyezi yochepa chabe anabatiza anthu oposa 9,000.

Chinakoka khamu lonselo sichinali mantha a moto wosatha. Ku mishoni munthu ankakhala m'kalasi zaka zingapo asanabatizidwe, pamene Kamwana ankabatiza osazengereza. Chachikulu kwambiri, ufumu umene ankaulalikira unali wopanda msonkho wa nyumba ndi wopanda bwanamkubwa wachizungu. Kwa bambo amene ankayenda pansi kupita ku migodi kukasaka ndalama ya msonkho, kutha kwa dziko kunali nkhani yabwino. Boma la atsamunda linamva bwino lomwe tanthauzo lake, ndipo mu 1909 linamuchotsa m'dziko muno.

Chaka chija chitafika, thambo silinang'ambike. M'malo mwake kunabuka nkhondo yaikulu, ndipo mu Seputembala 1914 Angerezi ndi Ajeremani anaomberana ku Karonga. Kwa okhulupirira umenewo unali umboni wokwanira. Mpaka lero Mboni za Yehova, zochokera ku gulu la Watch Tower lija, zimaphunzitsa kuti mu 1914 Khristu anayamba kulamulira kumwamba, mosaoneka ndi maso. Zoterezi zinachitikapo kale: otsatira mlaliki William Miller anadikira Yesu pa 22 Okutobala 1844, sanabwere, koma mwa ogwiritsidwa mwalawo munabadwa mpingo wa Seventh-day Adventist, eni ake a Malamulo ku Thyolo. Tsiku likalephereka chikhulupiriro sichifa, chimangopeza kamasulidwe kena.

Amene amaseka alaliki otere nawonso ali ndi wotchi yawo. Kuyambira 1947 asayansi a Bulletin of the Atomic Scientists amasuntha muvi wa Doomsday Clock posonyeza mmene anthu ayandikira kudziwononga ndi mabomba a nyukiliya, ndipo masiku ano amawerengeranso kusintha kwa nyengo. Mu Januwale 2025 unali pa masekondi 89 kuti ikwane 12 koloko usiku. Komabe wotchiyi sinena tsiku, ndipo imatha kubwerera m'mbuyo: mu 1991, America ndi Soviet Union atagwirizana zochepetsa zida, inabwezedwa kufika pa mphindi 17. Pamenepa ndiye pagona kusiyana. Mlaliki amati chiweruzo chinalembedwa kale, wasayansi amati chili m'manja mwa atsogoleri.

Nanga Kamwana? Anasungidwa kutali mpaka ku zilumba za Seychelles, analoledwa kubwerera kwawo mu 1937, nayambitsa mpingo wakewake wa Mlonda. Anamwalira mu 1956, msonkho ukadalipo.