Gwirani Mbali Ina ya Chingwe

MAU A SABATA INO
Werengani: Deuteronomo 22:1-4; Miyambo 12:10; Luka 10:30-35

Sabata ino tikamba za agalu. Inde, mwawerenga bwino, agalu! Musatseke foni, Mulungu ali ndi mau anu pa nkhani imeneyi.

Mumawadziwa agalu opanda mwini a m'komboni mwathu, kaya ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Kapata ku Chipata. Nthiti pamtunda, khungu mphere zokhazokha, tsiku lonse kufukula pa dzala. Wina amagundidwa ndi minibasi, wina mvula ikagwa amagwera m'ngalande n'kumalira usiku wonse. Anthu amasonkhana, ndipo nthawi zambiri pamapezeka munthu mmodzi chabe amene amawerama: mnyamata wotsuka magalimoto, kapena amai a pa kantemba atanyamula madzi m'mbale. Ena onse aimirira. Wina akuseka, wina akujambula vidiyo, wina akuti, "Mulekeni, ni galu chabe uyo." Winanso akunong'ona kuti mwina watumidwa ndi mfiti.

M'bale wanga, mlongo wanga, m'gulu limenelo inu mumaima pati?

Pa Deuteronomo 22, Mulungu analamula Aisraeli kuti akaona ng'ombe kapena nkhosa yosochera asachite ngati sanaione. Ngati mwini wake sakumudziwa, aitengere kwawo ndi kuisunga mpaka adzabwere kuifuna. Galu satchulidwa pamenepo, zoona, koma mtima wa Mulungu ukuoneka. Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu ndi mmene amasamalira moyo wa chiweto. Ndipo Mulungu pouza Yona chifukwa chochitira chifundo Nineve, anawerengera ndi ziweto zomwe. Si galu aliyense woyenda usiku amene ali ndi chiwanda, abale. Ambiri ni njala chabe, ndipo anatayidwa ndi ife anthu.

Manje yang'anani bwino vesi 4. Bulu akagwa panjira, lamulo likuti muthandizane ndi m'bale wanu kumudzutsa. Kuthandizana! Mulungu anadziwa kuti ntchito yodzutsa wakugwa imalemera pa munthu mmodzi.

Msamariya wachifundo uja timamutama kwambiri, koma pali munthu wina m'fanizomo amene timamuiwala: mwini nyumba ya alendo. Msamariya anali pa ulendo. Anamanga mabala, anagona usiku umodzi, m'mawa mwake anasiya madinari 2, malipiro a masiku awiri a waganyu, n'kupitiriza ulendo. Nanga masiku otsatirawo anasintha nsalu za pa mabala ndani? Anaphika phala ndani? Chifundo chimene Msamariya anayamba chinamalizidwa ndi munthu wina. Mwina inu simungalowe m'ngalande, mwina agalu mumawaopa. Palibe mlandu. Koma mungathe kukhala mwini nyumba ya alendo.

Mukaona wina akuyesa kupulumutsa galu, letsani ana kuponya miyala ndipo uzani anthu afutukeko, chifukwa galu wamantha akazingidwa amaluma. Bweretsani thaulo lakale kapena thumba lomuphimba nalo, thabwa lotsamiritsa m'dzenje, tochi, madzi. Foni yomwe mukuwerengerapo iyi imbirani nayo a ofesi ya zanyama ya m'boma lanu, kapena a Lusaka Animal Welfare Society ngati muli mu Lusaka. Ponyanipo kangachepe ka mayendedwe ndi mankhwala. Ndipo anthu akayamba kumuseka, imani pambali pake munene mokweza kuti, "Achita bwino awa." Mau amenewo amalimbitsa manja otopa, monga Aroni ndi Huri anagwirira manja a Mose mpaka dzuwa kulowa.

Koma chifundo chiyende ndi nzeru. Chiwewe chilipo, ndipo bungwe la World Health Organization limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi, ambiri mwa iwo atalumidwa ndi galu. Galu amene akutuluka dovu, akuyenda modzandira kapena kuluma chilichonse, musamugwire; itanani a zanyama. Ana asayandikire galu wachilendo. Ngati wothandiza uja walumidwa kapena kukandidwa, apa ndi pamene akufunirani kwambiri. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako mupite naye ku kiliniki tsiku lomwelo akayambe katemera. Mupempherereni muli m'njira, osati m'malo mopita. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka, kupulumuka kumakhala kosowa kwambiri. Pemphero ndi nyeleti sizilimbana, Aleluya!

Inunso amene muli ndi galu pakhomo, mubayitseni katemera, mudyetseni, ndipo mukamasamuka musamusiye pa geti ya alandilodi.

TIPEMPHERE
Atate wakumwamba, Inu amene munalenga zamoyo zonse, tichotsereni mtima wongoonerera. Tetezani onse amene amawerama kuthandiza chofooka, ndipo mutitume ife tikaime nawo. Tchinjirizani ana athu ku chiwewe. M'dzina lamphamvu la Yesu, Ameni.

LENGEZANI MOKWEZA
Sindidzadutsa ngati sindinaone! Manja anga ni a chifundo, pakamwa panga ni pa chilimbikitso! Wochita zabwino sadzatsala yekha pomwe ine ndilipo, m'dzina la Yesu!

Ngati mwadalitsika, yankhani kuti AMENI, ndipo tumizirani uthengawu anansi anu a m'komboni. Tionane pa Sande, bwerani ndi mnzanu. Mulungu akudalitseni.