K200 ya Mayi Ogulitsa Matimati

Loweruka lapitali ndinalimbana ndi mayi ena ogulitsa matimati mumsika wa Ndirande, nkhani yake K200 basi. "Mayi, tachotseraniko pang'ono, mwezi wafika poipa." Anandiyang'ana, n'kuchotsera. Ndinachoka ndikudzitama.

Madzulo ake ndinalowa m'sitolo ina yaikulu m'tauni kukagula sopo. Mtengo unali utakweranso. Ndinalipira mwakachetechete, mpaka kuthokoza. Pa till palibe amene amanenerera.

Ndikukazinga matimati aja, funso linandigwira: bwanji kulimba mtima kwanga konse kumathera pa munthu wovutika kuposa ine?

Chodzitetezera ndili nacho. Ndimakhala ndekha, digiri ili phee m'sutikesi, kamalipiro sikafika pa 20. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ndimagula zongodyera lero: kawokumani ka ufa, kamulu ka bonya, kajumbo ka makala. Wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira zambiri, koma ndilibe firiji yoti n'kusungiramo zambiri. K200 kwa ine si yamasewera.

Komatu mayi aja analawira m'bandakucha kukapikula, analipira msonkho wa pamsika, ndipo matimati akapanda kugulidwa amawolera iwowo. Mwina sanavomere chifukwa mtengo unali wokwera, koma chifukwa sakanatha kundibweza. Ndiye ndinapambana chiyani?

Kunenerera sindinasiye, thumba silingalole. Koma ndadziikira lamulo: ndizifunsa kamodzi, akakana ndilipire kapena ndichepetse zogula. Umphawi wanga usamalipiridwe ndi mnzanga wosauka kundiposa.

Nanga inu, mumanenerera mpaka pati?