Moto Ukazilala, Kodi Chikondi Chatha?

M'tauni ya Mangochi ndi m'madooko a ku Makawa, Malindi ndi Monkey Bay, ankhoswe amamva kawirikawiri mawu akuti "chikondi chidatha." Pena mwamuna adapita ku Joni ndipo mbiri yafika yoti ali ndi mkazi wina. Pena onse ali pakhomo pomwepo, koma mtima sugundanso ngati kale. Kodi lonjezo la paguwa limagwirabe munthu amene mumtima mwake mwazizira?

Helen Fisher, katswiri wa ku America, adaonetsa kuti chimene anthu amachitcha chikondi chili patatu m'thupi. Choyamba ndi chilakolako, chimene chimadzutsidwa ndi mahomoni monga testosterone ndipo sichisankha kwenikweni munthu. Chachiwiri ndi kutengeka mtima ndi munthu mmodzi. M'chaka cha 2005 iye ndi anzake adafalitsa zomwe adapeza atajambula ubongo wa achinyamata amene anali atangoyamba kukondana. Akaona chithunzi cha wokondedwa wawo, mbali za ubongo zoyendera dopamine zinkagwira ntchito kwambiri. Mbali zomwezi n'zimene zimachititsa munthu kufunafuna chinthu mosatopa, n'chifukwa chake wogwa m'chikondi amasowa tulo ndipo saona cholakwa mwa mnzakeyo. Chachitatu ndi kuzolowerana, komwe kumathandizidwa ndi oxytocin, homoni imene imatulukanso mayi akamayamwitsa. Kumeneku kumakula pang'onopang'ono anthu akamakhala pamodzi, kukhudzana ndi kusamalana.

Zitatuzi siziyenda limodzi nthawi zonse. Kutengeka mtima kumazilala pakapita nthawi, pakuti thupi silingapirire moto wotere moyo wonse. Ambiri amaona ngati kuzilalako ndi imfa ya chikondi, pamene ndi nthawi yoti kuzolowerana kuzike mizu. Komanso munthu angathe kulakalaka wina kwinaku mtima wake uli womangika kwa mkazi kapena mwamuna wake.

Apa wina anganene kuti, ngati zonse ndi mahomoni, wosakhulupirika alibe mlandu. Nyanja yomweyi ikuthandiza kuyankha. Chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga, chachikazi chimabwera, kuikira mazira, kuwatola m'kamwa n'kuchoka, ndipo chachimunacho chimatsala kudikira china. Nkhwazi zimakhala ziwiriziwiri n'kumabwerera ku chisa chomwecho chaka ndi chaka. Palibe amadzudzula chambo kapena kuyamikira nkhwazi, chifukwa zonsezi sizisankha. Munthu yekha ndiye angamve chilakolako n'kuchikana, angatope n'kukhalabe. Sasankha chimene chabwera mumtima mwake, koma amasankha nambala imene aimbe usiku ndi khomo limene agogode. Mlandu wake uli pamenepo.

Malembo Oyera adaona kale kusiyanaku. Pa 2 Samuele 13, Aminoni adalakalaka Tamara mpaka kudwala, koma atamugwirira adadana naye koposa mmene adamufunira. Chilakolako chija chinkafuna kudzikhutitsa chokha. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya Deus Caritas Est ya 2005, sadanyoze chikondi cha thupi. Adaphunzitsa kuti n'chabwino, koma chiyenera kuyeretsedwa ndi kukula mpaka chifike pofunira mnzake zabwino ngakhale zitawawa. N'chifukwa chake pa Ukwati Woyera wansembe safunsa akwati ngati mitima yawo idzagundabe pakatha zaka makumi awiri. Zimenezo palibe angalonjeze. Amalonjezana kukhulupirika pamtendere ndi pamavuto, chinthu chimene munthu angathe kuchichita.

Izi zikutanthauza ntchito. Popeza kuzolowerana kumadyetsedwa ndi kukhala pafupi, banja lolekanitsidwa ndi ulendo wa ku Joni kapena wa kunyanja lili pachiopsezo chenicheni. Ndalama yotumizidwa pafoni imagula ufa, koma silowa m'malo mwa mawu a mwamuna kwa mkazi wake. Wapaulendo ayenera kuimba, kunena zoona za komwe ali ndi kuika tsiku lobwerera. Ankhoswe ndi akhristu a m'mphakati asadikire kuti nkhani ifike poipa. Wothamangira kondaine naye akusochera, pakuti akufuna kulanda mnzake ufulu, pamene chikondi chopanda ufulu si chikondinso.

Achinyamata amene mitima ikuyaka lero asachite manyazi ndi motowo, ndi mphatso ya Mulungu. Koma asanapite paguwa, aliyense adzifunse ngati angadzasamale munthu ameneyu tsiku limene motowo udzakhale makala.